Mmene mungapangire bodi ya galimoto yothamanga yomwe mwadzimangira nokha

Ambiri mwa anthu omwe amamanga galimoto yothamanga m'galaja mwawo amadutsa bwinobwino pa chasisi, injini ndi mabuleki, n'kukatitimira pa bodi. Sizodabwitsa. Chasisi chili ndi miyezo yake, ukaphonya tepi yoyezera imakuuza pomwepo. Bodi imaweruzidwa ndi diso ndi chikhatho, ndipo ziwirizi zimachedwa kuphunzira. Malangizo awa alembedwera munthu yemwe chasisi chake chaima kale pa matayala anayi, injini yakhazikika, kwangotsala kuiveka galimotoyo. Ngati simunafike pamenepo werenganibe, koma musagule kaye chilichonse cha bodi.

Yambani ndi zinthu zomwe sizisuntha

Cholembera chidikire. Imikani chasisi pansi posalala pomwe mwatsimikiza kuti sipanapendekeke, matayala ali ndi mpweya wokwanira, ndipo pampando muikepo katundu wolemera ngati inuyo kuti galimoto ikhale pa msinkhu womwe izidzayendera. Jambulani pansi mzere wodutsa pakati penipeni pa galimoto kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ndi wina wopingasa wodutsa pakati pa matayala akutsogolo. Mizere iwiriyi muzibwererako mpaka ntchito itatha, choncho ilembeni ndi penti, choko sichikhalitsa. Tsopano malo alionse pa galimoto ali ndi manambala atatu: mtunda wake kuchokera pa mzere wopingasa, kuchokera pa mzere wapakati, ndi kuchokera pansi. Yezani pamwamba pa injini, ngodya zinayi za rediyeta, thanki ya mafuta ndi pothirira pake, njira ya paipi ya utsi, batire, ndi nsonga ya chitsulo choteteza mutu galimoto ikagubuduzika. Zonse zilowe m'kabuku kamodzi.

Tayala loima chilili limanama. Chotsani masipuling'i, kwezani tayala ndi jeke mpaka pothera penipeni, ndiye mukhotetse chiwongolero mpaka kumapeto, kumanja kenako kumanzere. Dera lonse lomwe tayala ladutsamo lizingeni ndi waya wolimba kapena katoni, muwonjezere mamilimita 20 mbali zonse, pakuti tayala limapindika galimoto ikamakhota pa liwiro komanso limanyamula timiyala. Poyezapo pakhale matayala enieni omwe galimotoyo izidzayendera. Amene amayeza ndi matayala obwereka n'kudzagula otakata pambuyo pake amathera pa kucheka madigadi omwe anawasalaza ndi thukuta.

Kenako khalani pampando weniweni, mutavala helimeti ngati mukuganiza zodzapita ku mipikisano. M'malamulo ambiri a mipikisano amafuna kuti nsonga ya helimeti ikhale pansi pa chitsulo choteteza chija ndi mamilimita osachepera 50. Mnzanu ayeze msinkhu wa maso anu, pomwe zigongono zikufika mukamakhotetsa chiwongolero, ndi mpata womwe miyendo ikufuna potuluka. Boneti ikadzakwera kupitirira mzere wochokera m'maso mwanu kupita pamsewu patsogolo pa galimoto, muzidzayendetsa mutasomphola khosi.

Galasi lakutsogolo lisankheni tsopano, musanajambule kanthu. Apa ndi pomwe ambiri amagwa: amajambula bodi yokongola, n'kupeza kuti galasi lokwana pamenepo kulibe, ndipo kupangitsa galasi lopindika limodzi lokha n'kokwera mtengo zedi. Njira ndi ziwiri. Mutha kutenga galasi la galimoto ina yomwe ikupezeka mosavuta n'kumanga bodi molizungulira, kapena kugwiritsa ntchito galasi losapindika la zigawo ziwiri zokhala ndi pulasitiki pakati, lomwe odula magalasi amatha kulicheka. Galasi lolimbitsidwa ndi moto, lija la m'mawindo am'mbali, silichekeka. Mukalikhudza ndi chodulira limangoti phwa. Magetsi nawonso agulidwiretu, akhale pathebulo pomwe mukujambula.

Funsaninso ku ofesi yolembetsa magalimoto zomwe amafuna pa galimoto yodzimangira. Malamulowa amakhudza maonekedwe kuposa mmene ambiri amaganizira: msinkhu wa magetsi, kuphimbika kwa matayala, kuthwa kwa m'mphepete. Ku Britain, mwachitsanzo, pa mayeso otchedwa IVA amatenga mpira wa mamilimita 100 n'kumaugunditsa pa bodi, ndipo mphepete iliyonse yomwe mpirawo waikhudza iyenera kukhala yobulungira ndi mamilimita osachepera 2.5. Ngakhale kwanu lamuloli kulibe, ndi muyezo wabwino kuutsata, chifukwa unaikidwa poganizira woyenda pansi.

Kujambula, ndi zomwe mphepo imafuna

Yambani ndi chithunzi cha m'mbali. Ikani manambala a m'kabuku aja papepala ngati timadontho, ndipo mizere ya bodi idutse kunja kwa timadonthoto. Mukakhutira, kulitsani chithunzicho pakhoma pa kukula kwenikweni kwa galimoto pogwiritsa ntchito tepi yakuda yopyapyala. Tepi ili ndi ubwino woti ukaikoka ndi dzanja limodzi imapinda yokha mosalala, ndipo ukaona kuti sizinakhale umamatula n'kuyambanso. Bwererani mamita asanu kapena kuposa n'kuyang'ana. Mzere womwe papepala umaoneka wamoyo kawirikawiri pakhoma umaoneka wotupa.

Chotsatira ndi kachifanizo kakang'ono, kochepa kasanu poyerekeza ndi galimoto yeniyeni. Dongo loumbira magalimoto linalowa m'ntchitoyi kudzera mwa Harley Earl ku General Motors cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo makampani akuluakulu sanalisiye mpaka lero ngakhale ali ndi makompyuta amphamvu. Pali chifukwa chake. Pa kompyuta chinthu chilichonse chimanyezimira ndipo mumachiona kuchokera m'mwamba momwe munthu woima pamsewu sadzachionera. Mapulogalamu monga Blender kapena Rhino ndi othandiza kwambiri pocheka bodi m'zigawo n'kukupatsani mizere yoti mudulire matabwa, koma chigamulo choti mawonekedwe akhala bwino chichokere pa chinthu chogwirika. Kachifanizoko kajambuleni ndi kamera ili pansi, pa msinkhu womwe maso a munthu wochepa kasanu akanakhala.

Zinthu ziwiri muzisunge pamtima poumba. Choyamba, pasakhale chigawo chophwatalala kotheratu. Chitseko kapena boneti yopanda kutukuka ngakhale pang'ono imaoneka yobonyokera m'kati ikapentedwa, ndiponso imanjenjemera ndi kulira galimoto ikamayenda. Kutukuka kwa mamilimita ochepa chabe pa mita imodzi kumalimbitsa chigawo popanda kuwonjezera kulemera. Chachiwiri, mizere ichepe. Mzere uliwonse wakuthwa womwe mwaika kumanja muyenera kudzaubwereza kumanzere mofanana ndendende, n'kuudutsitsa pa chitseko osathyoka. Pa galimoto yoyamba, ine ndingati mzere umodzi wodutsa m'mbali wakwana.

Za mphepo n'zambiri, koma womanga m'galaja akufunika zochepa. Mphamvu yomwe mphepo imakankhira galimoto kumbuyo imakwera kanayi liwiro likawirikiza kawiri, ndipo mphamvu ya injini yofunika kuigonjetsa imakwera kasanu ndi katatu. Choncho kuchepetsa kukula kwa galimoto poiona kutsogolo kumapindula kwambiri kuposa tizipsepse tokongoletsa. Kumbuyo simukusowa mchira wautali wosongoka: Wunibald Kamm wa ku Germany anasonyeza m'zaka za m'ma 1930 kuti denga likamatsika pang'onopang'ono n'kudulidwa mwadzidzidzi, zotsatira zake zimayandikira za mchira wathunthu. Denga lotsetsereka mobulungira mpaka pansi ndilo loopsa, chifukwa limanyamula kumbuyo kwa galimoto pa liwiro lalikulu.

Chomwe chimavutitsa ambiri ndi rediyeta. Injini ikatentha amakulitsa pakamwa pa galimoto, pomwe vuto lili potulukira. Mpweya sungalowe pomwe wina sunatuluke. Pakamwa pangathe kuchepa kuposa rediyeta yeniyeniyo, bola pakhale ngalande yotsekeka bwino kuchokera pakamwapo mpaka pa rediyeta, yopanda mpata wozembera m'mbali, ndipo kuseri kwake kukhale njira yotakata yotulukira. Zibowo zotulutsira mpweya wotentha muziike chakutsogolo pamwamba pa boneti kapena kuseri kwa matayala akutsogolo. Patsinde pa galasi lakutsogolo mpweya umapanikizana, ndiye bowo la pamenepo limalowetsa m'malo motulutsa. N'chifukwa chake magalimoto ambiri amatengera pomwepo mpweya wa m'kati mokhala anthu.

Faiba kapena aluminiyamu

Zonse ziwiri zili ndi mbiri yake. Chevrolet Corvette yoyamba ya mu 1953, yomwe anapanga 300 zokha chaka chimenecho, inali ndi bodi ya faiba, womwe ndi ulusi wa galasi womatidwa ndi rezini, mankhwala amadzimadzi omwe amauma n'kulimba gwa. Kampani ya Touring ya ku Milan inalembetsa mu 1936 njira yake yotchedwa Superleggera, yokutira malata a aluminiyamu pa timapaipi topyapyala, ndipo Aston Martin DB4 ya mu 1958 inamangidwa motero. Kusiyana kwake kwa inu n'kwakuti faiba imafuna kuleza mtima kwambiri koma luso lake limaphunzirika msanga, pomwe aluminiyamu imafuna manja omwe aphunzira kwa nthawi yaitali. Pa faiba mumapanga galimotoyo katatu: chifanizo, chikombole, kenako bodi yeniyeni. Phindu lake mukaphwanya mphuno mumangobwerera ku chikombole. Pa aluminiyamu mumaumba kamodzi, koma chigawo chilichonse chopindika mbali ziwiri ndi nkhondo payokha.

Njira yanzeru kwa woyamba ndi yomwe imaoneka pa Lotus Seven ya Colin Chapman, yomwe inatuluka mu 1957 ndipo kampani ya Caterham yakhala ikuipanga kuyambira 1973: m'mbali ndi boneti ndi malata a aluminiyamu opindidwa mbali imodzi yokha, omwe aliyense wosamala angawapinde pa paipi, pomwe mphuno ndi madigadi, zomwe ndi zobulungira, pa magalimoto ambiri a mtunduwu zimakhala za faiba.

Chifanizo cha kukula kwenikweni

Apa ndi pomwe pagona ntchito yonse. Chilema chilichonse chomwe chatsala pa chifanizo chidzalowa m'chikombole, n'kutuluka pa bodi iliyonse yomwe mudzaumbemo.

Chekani mawonekedwe a galimoto mopingasa pa mamilimita 150 kapena 200 alionse, ndipo pafupipafupi kuposa apo pamphuno ndi pa madigadi pomwe mawonekedwe amasintha msanga. Chigawo chilichonse chijambuleni theka lokha, mudule matabwa awiri a pulayiwudi kapena MDF mutawaphatikiza, ndiye limodzi mulitembenuze. Mukatero kumanja ndi kumanzere kwafanana kuyambira pachiyambi. Matabwa odulidwawa ndiwo nthiti za chifanizo; zimangeni pa msana wolimba wotsata mzere wapakati, kaya pa chasisi penipeni mutachikuta ndi pulasitiki, kaya pa thebulo lolimba lomwe silingapotoke. Mphepete mwa nthiti iliyonse pakani utoto wakuda. Utotowo ukadzayamba kufufutika pokhula, mwafika pa muyezo, lekani.

Mipata ya pakati pa nthiti idzazeni ndi fomu yolimba. Samalani mtundu wake. Fomu yoyera ya polystyrene, ija amatchinjirizira katundu m'makatoni, imasungunuka ikakhudzana ndi rezini ya polyester kapena fila wamba wa magalimoto. Mutha kuona ntchito ya mwezi wathunthu ikunyenyeka mukuyang'ana. Ya polyurethane siisungunuka ndipo imakhulika mosavuta. Ngati muli ndi ya polystyrene yokha, ikutireni ndi rezini ya epoxy kaye. Guluu womatira zidutswa za fomu asafike pamwamba pomwe mudzakhule, chifukwa ndi wolimba kuposa fomuyo ndipo amatsala ngati mtumbira.

Semani mokhadzula ndi sowo ya manja, kenako mutenge thabwa lalitali, la theka la mita kapena kuposa, lomatidwa sandipepala wokhakhala. Kathabwa kakafupi kapena makina ozungulira amatsata zigwa ndi zitunda zomwe zilipo kale n'kuzikulitsa. Thabwa lalitali limakwera pa zitunda zokha. Likankheni mopingasa, ulendo wina kupendekera uku, wina uko, kuti mikwasa yake idutsane. Musakhule malo amodzi mobwerezabwereza ngakhale pakuoneka potukuka. Khalaninso ndi kathabwa kopyapyala kotha kupinda, kotalika mita imodzi ndi theka. Kagonekeni pa bodi motsata utali wake, mugwire nsonga zonse ziwiri, muwerame n'kusuzumira pansi pake. Pomwe kuwala kukudutsa pali chigwa. Pomwe kathabwako kakugwedera pali chitunda.

Fomu ikafika pa muyezo, ichepetseni ndi mamilimita awiri kapena atatu, muyale nsalu imodzi ya faiba ndi rezini kuti pakhale chikhungwa cholimba, ndiye pamwamba pake mupake fila mopyapyala. Kuyambira pano ntchito ndi yobwerezabwereza: pakani, khulani, yang'anani. Fila akauma, wazani penti yakuda pang'ono chabe, ingoti waa ngati fumbi, ndiye mukhule ndi thabwa lija. Pomwe yakuda yatsala ndi potsika. Pomwe faiba yayamba kuonekera ndi pokwera. Dzazani potsikapo pokha. Sandipepala muzisintha kuchokera pa nambala 40 kupita pa 80, kenako 180, ndipo musathamangire wosalala mawonekedwe asanakhale; sandipepala wosalala amangonyezimiritsa mafunde, sawachotsa.

Chikhatho chimaona zomwe diso laphonya. Valani golovesi yopyapyala ya nsalu kapena muike kansalu pansi pa dzanja, mutseke maso, muyendetse dzanja lonse mofulumirirapo motsata utali wa galimoto. Kachigwa kosakwana theka la milimita mukamva ngati dzanja lapunthwa. Zingani pamenepo ndi pensulo musanatsegule maso n'kuyamba kudzikayikira.

Mayeso otsiriza ndi a kuwala. Pakani pulaima wokhuthala, mumukhule mpaka nambala 400 kapena kuposa, mupake penti yakuda yonyezimira, ndiye mupachike mababu aatali angapo motsatana pamwamba pa galimoto. Yendani pang'onopang'ono m'mbali mwake mukuyang'ana zithunzi za mababuwo pa bodi. Pa bodi yabwino mizere yoyerayo imayenda mosalala, kupinda limodzi, kutalikirana ndi kuyandikirana mwadongosolo. Pomwe mzere wathyoka kapena wagwedezeka pali chilema, ndipo penti yomaliza idzachionetsa poyera. Kankhirani chifanizocho panja kamodzi, muchione dzuwa litapendeka komanso chapatali. M'galaja mopanikiza simungaone ngati mphuno yatalika mopitirira.

Mbali imodzi ikakhala momwe mukufunira, dulani makatoni otsata mawonekedwe ake pa nthiti iliyonse n'kuyesa mbali inayo. Lembaninso mizere ya zitseko, boneti ndi buti pa chifanizo pomwepo, ndipo musemeretu malo olowa magetsi ndi mphepete mokhala galasi, mutaliyesa galasi lenilenilo.

Chikombole

Musanathire rezini, ganizirani momwe chikombole chidzavukire. Ndowa zimalowetsana n'kutulutsana mosavuta chifukwa kukamwa kwake n'kotakata kuposa pansi. Chikombole nachonso chimafuna kupendekeka kotero, madigiri awiri kapena atatu, kulowera komwe chidzakokeredwe. Paliponse pomwe bodi yapindikira m'kati, monga m'munsi mwa zitseko kapena kuseri kwa matayala, chikombole chimodzi chidzakola. Chigaweni m'zidutswa. Pa mzere wogawira imikani mpanda wa pulasitiki yolimba wotalika mamilimita 50 mpaka 75, womatidwa ndi dongo kuseri kwake, ndipo muikepo timabampu tingapo kuti zidutswa zizidzakumana malo amodzimodzi nthawi zonse. Mukamaliza chidutswa choyamba chotsani mpandawo, mupake phula pa mlomo womwe watsala, muumbe chachiwiri mogundana nawo, ndipo mubowole mabowo a mabawuti zidutswa zisanachoke pa chifanizo.

Phula loletsa kumatirira lipakidwe kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ulendo uliwonse kulisiya liume n'kulipukuta. Pa chifanizo chatsopano onjezerani PVA yoletsa kumatirira, yomwe imauma ngati kachikopa kopyapyala kosungunuka ndi madzi. Imachepetsa kunyezimira pang'ono, koma chikombole chomatirira pa chifanizo chimawononga zonse ziwiri.

Tsopano mankhwala. Rezini ya polyester imauma mukathiramo MEKP, pakati pa gawo limodzi ndi magawo awiri pa magawo 100 alionse, kutanthauza mamililita 10 mpaka 20 pa kilogalamu. Yezani ndi sirinji, osati ndi maso. MEKP ikadonthera m'diso ikhoza kulichititsa khungu, choncho magalasi oteteza maso savulidwa, ndipo isasakanizidwe mwachindunji ndi mankhwala ofulumizitsa a cobalt chifukwa zimaphulika. Fungo la rezini limafuna malo opita mphepo ndi masiki yokhala ndi sefa ya nthunzi za mankhwala; kamasiki ka fumbi sikathandiza. Ntchito imayenda bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 18 ndi 25. Sakanizani pang'onopang'ono, zokwana kugwiritsa ntchito m'mphindi 15, chifukwa rezini yotsala m'chitini imadzitenthetsa yokha mpaka kufuka utsi.

Yambani ndi gelcoat, yemwe ndi rezini ya utoto yopanga khungu lakunja, wa utoto wosiyana ndi womwe bodi idzakhale, wokhuthala ngati theka la milimita. Akapyapyala kwambiri amachita makwinya rezini ikafika pamwamba pake. Dikirani mpaka chala chikamakhudza chizimva kunata koma osatenga utoto. Yalani faiba yopyapyala kaye, muikanikize ndi rola yachitsulo mpaka thovu lonse lituluke. Faiba yonyowa bwino imaonekera m'kati, pomwe patsala mbee pali mpweya. M'ngodya zakuthwa faiba siigona, ndiye dzazanimo phala la rezini kaye. Chigawo choyambachi chiume, kenako muwonjezere ziwiriziwiri, kusiya kutentha kuzizire pakati. Chikombole chikhuthale kawiri kapena katatu kuposa bodi yomwe idzatulukemo, ndipo kunja kwake muchimangire nthiti za matabwa kapena mapaipi. Chisiyeni pa chifanizo kwa sabata, chifukwa polyester imapitiriza kukokana ikauma, ndipo chikombole chovulidwa msanga chimapotoka. Povula gwiritsani mphero za pulasitiki kapena zamtengo. Sikuludiraiva imasiya zipsera.

Kuumba bodi yeniyeni

Ndondomeko ndi yomweija koma m'kati mwa chikombole: phula, gelcoat, faiba. Faiba ya magalamu 450 pa sikweya mita imapereka pafupifupi milimita imodzi pa chigawo chilichonse, ndipo imamwa rezini yolemera kawiri kapena kawiri ndi theka kuposa iyo yomwe. Yezani faiba pa sikelo musanayambe kuti mudziwiretu rezini yofunika. Oyamba kumene amathira yambiri poganiza kuti akulimbitsa, pomwe mphamvu ili mu ulusi. Rezini yopitirira imangolemeretsa ndi kung'aluka. Zigawo ziwiri kapena zitatu zimakwana pa mbali zambiri za bodi. Pomwe pakufunika kulimba, monga pakati pa boneti, matani kachingwe ka fomu kuseri n'kukakuta ndi faiba kuti pakhale nthiti, m'malo mounjika zigawo. Pomwe padzalowe mahinji, maloko ndi mabawuti kwirirani timapuleti tachitsulo pakati pa zigawo za faiba. Mphepete zodzadulidwa zichekeni ndi mpeni wakuthwa rezini itangoyamba kulimba ngati chikopa. Ikaumiratu mudzafuna chopukusira ndi fumbi lake loyabwa lija.

Mukasankha epoxy m'malo mwa polyester, gwiritsani nsalu yolukidwa. Faiba wamba ya ulusi womwazika imagwiridwa ndi guluu yemwe amasungunuka mu polyester, ndipo mu epoxy imakana kufewa.

Ngati mwasankha aluminiyamu

Chifanizo chake n'chosavuta: nthiti za matabwa zokha popanda fomu, chifukwa ntchito yake ndi yoyeserapo, simumenyerapo. Malata oyenera ndi ofewa, a mtundu wa 1050 kapena 3003 pa kulimba kwa H14, okhuthala mamilimita 1.2 mpaka 1.6. Aluminiyamu imalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo, ndiye ngakhale ikhuthale kuposa malata achitsulo imakhalabe yopepuka.

Tengani pepala lalikulu muligoneke pa chifanizo. Pomwe lagona bwino, lata lingofunika kupinda. Pomwe lachita makwinya, lata liyenera kufinyidwa. Pomwe likufuna kung'ambika, lata liyenera kutambasulidwa. Ntchito yonse ya kuumba malata ndi ziwirizi basi, kufinya ndi kutambasula. Kutambasula mumamenya pakati ndi nyundo yamtengo yobulungira pa thumba lachikopa lodzaza mchenga, lata n'kutuluka lili mabampu okhaokha, kenako mumalisalaza pa makina a magudumu awiri otchedwa English wheel, kulikankha ndi kulikoka pakati pa magudumuwo mizere ikuyandikana. Kufinya mumapinda kakhwinya m'mphepete n'kukamenya kuti kalowe mwa iko kokha. Kufinya kumachedwa, n'chifukwa chake oyamba amatambasula mopitirira mpaka lata kupyapyala.

Lata likamenyedwa limauma mtima n'kuyamba kukana. Lifewetseni ndi moto. Aluminiyamu siifiira ikatentha, imangosungunuka mwadzidzidzi pa madigiri 660, ndiye pamafunika chizindikiro: ipakeni mwaye wa lawi la acetylene, muitenthe ndi lawi loyera mpaka mwayewo uzimiririke, pamenepo yafika pa madigiri 350 mpaka 400 ndipo yafewa. Madigadi aakulu apangeni m'zidutswa zitatu kapena zinayi n'kuziwotcherera ndi gasi kapena makina amagetsi otchedwa TIG, mizere yolumikizira idutse pomwe patukuka kwambiri, pakuti pamenepo kutentha sikupotoza lata ngati pophwatalala. Mphepete zipindireni pa waya kuti zilimbe ndi kusiya kuthwa.

Kumangirira pa chasisi

Chasisi chimapotoka pang'ono poyenda, ndipo bodi yomangidwa gwa paliponse imang'aluka mozungulira mabawuti. Ikani mphira pakati pa bodi ndi chasisi, mawashala akhale otakata, ndipo mabowo akule pang'ono kuposa mabawuti. Aluminiyamu isagundane ndi chitsulo mwachindunji: pakalowa chinyezi aluminiyamuyo imadyeka n'kusanduka ufa woyera, ndiye pakati pake pakhale penti ndi tepi kapena mankhwala omatira. Pafupi ndi paipi ya utsi siyani mpata ndipo mumate chotchinga kutentha, chifukwa polyester wamba imayamba kufewa kutentha kusanafike n'komwe pa madigiri 100.

Zitseko ndi boneti zimangeni ndi mahinji, maloko ndi mphira zake zonse musanakonze mipata, pakuti mphira imakankha chitseko kunja. Mpata wa mamilimita anayi kuzungulira konse ndi wabwino. Dulani kachidutswa ka pulasitiki ka muyezo umenewo muzikayendetsa mumpatamo. Diso limakhululuka mpata wokulirapo, koma wosinthasintha limauona msanga.

Penti musaifulumirire. Bodi ya faiba yatsopano ikapentedwa msanga, makamaka ndi mtundu wakuda, dzuwa likaiwomba rezini imapitiriza kukokana ndipo maonekedwe a ulusi amatulukira pamwamba pa penti. Isiyeni padzuwa masabata angapo ili ndi pulaima yekha, ndipo ngati malamulo akulolani, iyendetseni ili choncho. Mukabwerako suzumirani m'kati mwa madigadi ngati tayala lakhula, yang'anani ming'alu yaing'ono mozungulira mabawuti ndi mahinji, ndipo muone geji ya kutentha kwa injini pa liwiro komanso galimoto itaima. Zomwe mwapeza zikonzeni, mutsuke phula lonse la m'chikombole lomwe latsalira pa gelcoat, mukhule komaliza ndi penti yakuda yowaza ija, ndiye mupente.